Kodi malipiro a ku Joni amawakhazikitsa ndani? Zomwe ofufuza apeza

Chaka chilichonse Malichi akamayandikira, nduna ya zantchito kuno ku South Africa imalengeza malipiro ochepetsetsa atsopano, ndipo tsiku lomwelo m'magulu a WhatsApp a Amalawi a ku Yeoville, Rosettenville, Mayfair ndi Diepsloot mumabuka mkangano wa chaka chatha womwe uja. Ena amati kukwera kwa malipiro ndi tsoka, madona achepetsa masiku kapena atichotsa ntchito. Ena amati nkhaniyo njosatikhudza, ndi ya eni dziko okhala ndi ma ID. Mafunso awiriwa akatswiri a zachuma a ku yunivesite ya Wits, ya Cape Town ndi ena akunja akhala akuwafufuza kwa zaka zoposa 20. Zomwe apeza zikukhudza mwachindunji mayi amene akupukuta pansi ku Randburg ndi bambo amene akudula kapinga ku Bryanston, kungoti zimathera m'malipoti a Chingerezi amene eni nkhani sawaona n'komwe.

Tiyambe ndi lamulo la dziko lonse la malipiro ochepetsetsa. Linayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2019, ndipo linati munthu asalandire ndalama zochepera R20 pa ola. Poyamba antchito a m'mafamu anawaikira R18, a m'nyumba R15. A m'mafamu anawafananitsa ndi anzawo mu Malichi 2021, a m'nyumba mu Malichi 2022 pamene ndalamayo inafika pa R23.19. Mu 2023 inali R25.42, mu 2024 R27.58, mu Malichi 2025 inafika pa R28.79. Pa mtengo wa 2025 umenewu, tsiku la maola 8 linali R230.32, ndipo wogwira maola 45 pa sabata ankayenera kulandira ndalama zoposa R5,600 pa mwezi. Ngakhale akuitaneni ganyu ya maola awiri okha, lamulo limati akulipireni maola anayi. Wogona pa bwana angadulidwe ya chipinda, koma isapitirire 10 peresenti ya malipiro ake.

Nanga n'chifukwa chiyani anthu ophunzira anakangana kwambiri lamuloli lisanabwere? Maphunziro akale a zachuma ankati ntchito ili ngati katundu wina aliyense: ikakwera mtengo, ogula amachepa. Boma likakakamiza bwana kulipira zambiri kuposa zomwe msika wakhazikitsa, bwanayo alemba anthu ochepa. M'dziko limene munthu mmodzi mwa atatu alionse ofuna ntchito akuisowa, mantha amenewa si ochezera. Koma mu 1994 David Card ndi Alan Krueger a ku America anayerekeza malesitilanti a ku New Jersey, kumene malipiro anakwezedwa, ndi a ku Pennsylvania kutsidya kwa malire, kumene sanakwezedwe, ndipo sanapeze kuti ntchito zachepa ku New Jersey. Card analandira mphoto ya Nobel mu 2021, mwa zina chifukwa cha kafukufuku ameneyu.

Chifukwa chake aliyense wokulira kumudzi angachimve msanga. Nthawi yokolola m'mudzi mukabwera venda mmodzi yekha ndi sikelo yake, inu muli ndi ngongole ya feteleza ndipo ku msika n'kutali, mtengo wa chimanga amatchula ndi iyeyo. Mtengowo suonetsa phindu lenileni la chimanga, uonetsa kuti mulibe kwina kogulitsa. Boma likaika mtengo woyambira, vendayo sasiya kugula, chifukwa phindu likadalipo, langochepa pang'ono. Pa ntchito zimatero ndithu. Kumene wolemba ntchito ali ndi mphamvu yotchula malipiro yekha, amalipira zochepa kuposa zomwe ntchitoyo ikumupindulira, ndiye lamulo likhoza kukweza malipiro iye osachotsa munthu. Akatswiri amati zikatero pali monopsony.

Ife Amalawi nkhani imeneyi inadutsa pa misana ya agogo athu. Makampani a migodi ya golide kuno ku Joni anagwirizana kudzera mu bungwe lawo la Chamber of Mines kuti asamalimbirane antchito akuda, ndipo anaika malire a malipiro amene mgodi uliwonse sunayenera kupitirira. Kulemba anthu anakusiya m'manja mwa mabungwe awo omwe, ndipo kwathu kunkabwera Wenela. Francis Wilson wa ku Cape Town atawerengetsa anapeza kuti mu 1969 malipiro a munthu wakuda wa mumgodi, poyerekeza ndi mitengo ya zinthu, sanali okwera kuposa a mu 1911. Zaka 58, golide akutuluka tsiku ndi tsiku, malipiro ali pomwepo. Zinatheka chifukwa anthu a muno akakana ndalama imeneyo, Wenela inkangopita kutali kukatenga ena ku Mozambique ndi ku Nyasaland.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi m'migodi ya kuno anapitirira 100,000. Kenako mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown ku Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu n'kuitanitsa onse kuti abwerere. Chaka chotsatira Mozambique inalandira ufulu, uku mtengo wa golide unali utakwera kwambiri, antchito m'makomponi nawonso atayamba kuvuta. Migodi inakakamizika kufuna antchito a m'dziko momwe muno, ndipo m'zaka zochepa malipiro amene anaima kwa theka la zaka 100 anakwera kangapo. Ndalama yolipira bwino sinagwe kumwamba mu 1974. Chomwe chinatha ndi mwayi wotenga anthu opanda kwina kolowera. Amalawi anabwereranso mu 1977 kudzera ku Theba, bungwe lolowa m'malo mwa Wenela, koma ochepa, mpaka mkangano wa kuyeza HIV wa mu 1988 unatsekeratu njirayo, monga analembera Wiseman Chijere Chirwa wa ku Chancellor College.

Apa ndipatuke pang'ono, chifukwa pali kafukufuku wina amene ndimafuna Mmalawi aliyense atamudziwa. Taryn Dinkelman ndi Martine Mariotti anatenga zaka za pakati pa 1967, pamene Malawi ndi South Africa anasainirana pangano lotsegula njira ya ku migodi, ndi 1974 pamene inatsekedwa, n'kuyerekeza maboma amene munali malo olembera a Wenela ndi amene munalibe. Anapeza kuti ana amene anali a msinkhu wa sukulu nthawi imeneyo m'maboma a Wenela anapita patali ndi sukulu kuposa anzawo, ndipo kusiyanako kunkaonekabe patapita zaka 20. Pambuyo pake, pamodzi ndi Mmalawi mnzathu Grace Kumchulesi, anaonetsanso kuti maboma amene analandira ndalama zambiri za a ku migodi anthu ake ambiri anachoka pa ulimi wokha n'kulowa mabizinesi ndi ntchito zina. Choncho malipiro a ku Joni si nkhani ya ku Joni kokha. R50 imene yachotsedwa pa tsiku la munthu ku Fordsburg ndi fizi imene sinafike ku Mangochi kapena ku Mzimba.

Tibwerere ku ntchito za m'nyumba, kumene kuli alongo athu ambiri. Malipiro ochepetsetsa a gawo limeneli anayamba mu 2002, kale lamulo la dziko lonse lisanabwere. Anthu ambiri ankati palibe chomwe chisinthe, chifukwa palibe woyendera malo a ntchito amene angalowe m'khitchini ya munthu, ndipo ngati chisintha ndiye kuti antchito achotsedwa. Dinkelman yemweyo ndi Vimal Ranchhod anafufuza ziwerengero za boma za lamulolo lisanabwere ndi litabwera. Anapeza kuti m'miyezi 16 yoyamba malipiro anakwera pafupifupi 16 peresenti, okhala ndi kontirakiti yolembedwa anachuluka kuposa kawiri, ndipo panalibe umboni woti ntchito kapena maola zachepa. Chochititsa chidwi n'chakuti izi zinachitika popanda chilango chenicheni kwa ophwanya lamulo. Mabwana ambiri anakweza malipiro ngakhale sanafike pa ndalama yeniyeniyo. Kungodziwika kuti pali nambala yoikidwa ndi boma kunasintha zomwe dona akuona ngati zoyenera ndiponso zomwe wantchito angalimbe mtima kupempha.

Haroon Bhorat ndi anzake a ku Development Policy Research Unit ku Cape Town anafufuza magawo ena, a m'mashopu, alonda, a mateksi ndi a m'nkhalango, ndipo sanapeze kuti ntchito zatha chifukwa cha lamulo. Ku mafamu kokha nkhani inasiyana. Malipiro ochepetsetsa atayamba kumeneko mu 2003, Bhorat, Ravi Kanbur ndi Benjamin Stanwix anapeza kuti ndalama za antchito zinakweradi koma chiwerengero cha olembedwa chinatsika kwambiri. Ichi sichiyenera kubisidwa ndi aliyense wokonda lamuloli, kuphatikizapo ine. Mlimi wa mphesa amagulitsa kunja pa mtengo umene satchula yekha, ndipo akhoza kugula makina kapena kusintha antchito okhazikika n'kumatenga aganyu a nyengo. Nyumba ya ku Sandton siingatumizidwe kunja kukakolopedwa, ndipo palibe makina olera mwana. Choncho yankho la funso loti kodi kukweza malipiro kumapha ntchito limadalira gawo la ntchito, kukula kwa kukwezako, ndi mpata umene wolemba ntchito anali nawo kale.

Izi ndi zomwe zinali pa tebulo mu 2016 pamene Cyril Ramaphosa, ali wachiwiri kwa pulezidenti, anasankha gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Imraan Valodia wa ku Wits kuti lilangize Nedlac, bwalo limene boma, mabizinesi ndi mabungwe a antchito amakambiranapo. Mawerengedwe ena a pakompyuta, kuphatikizapo a ku unduna wa zachuma, ankalosera kuti ntchito mazana a zikwi zitha. Ofufuza ena a ku Wits otsogozedwa ndi Gilad Isaacs anatsutsa kuti mawerengedwe oterowo amamangidwa m'njira yoti malipiro akakwera yankho limangokhala kutha kwa ntchito, mosaganizira kuti wosauka akalandira zambiri amagula zambiri. Gulu la Valodia linatchula R3,500 pa mwezi, ndalama imene pafupifupi theka la antchito a m'dziko muno sankaifika nthawi imeneyo. Bungwe la antchito la Saftu linachita zionetsero mu 2018 kunena kuti ndi malipiro a umphawi. Lamulo litayamba, kafukufuku woyamba wa Bhorat ndi anzake sanapeze chigumula cha kutha kwa ntchito chimene ena ankalosera. Sanapezenso kukwera kwakukulu kwa malipiro kumene ena ankayembekezera. Kenako kunabwera Covid-19 n'kusokoneza ziwerengero zonse. Antchito a m'nyumba anali pafupifupi miliyoni imodzi mliriwo usanafike, ndipo chiwerengerocho sichinabwererenso pamenepo.

N'chifukwa chiyani malipiro sanakwere kwambiri? Apa ndi pamene pagona nkhani kwa ife. Mabwana ambiri salitsatira lamulolo. Kafukufuku wa ziwerengero za 2007 anapeza kuti pafupifupi 45 peresenti ya antchito oyenera kutetezedwa ndi malipiro ochepetsetsa ankalandira zochepera, ndipo lamulo latsopano litatha chaka, oposa anayi mwa khumi alionse ankalandirabe pansi pa malipiro a lamulo. Ndiye wina akamati lamuloli silinaphe ntchito, tiyenera kuwonjezera kuti mwa zina n'chifukwa silinafike paliponse. Limagwira bwino m'makampani aakulu, kumene kuli yuniyoni ndi payslip. Limafooka m'nyumba za anthu, m'timashopu, m'malesitilanti olipira ndi matipu okha, pa malo omanga a makontirakita ang'onoang'ono. Awa ndiwo malo enieni amene Amalawi timapezekamo.

Ofufuza a ku African Centre for Migration and Society ku Wits anachita nawo ntchito yofufuza za antchito obwera, ndipo Deborah Budlender atasanthula ziwerengero za 2012 za Stats SA, nthambi ya boma yoona za ziwerengero, anapeza zinthu ziwiri zoyendera limodzi: obadwira kunja samasowa ntchito kwambiri ngati eni dziko, koma ntchito zomwe amapeza zambiri ndi zopanda kontirakiti, zopanda tchuthi, zopanda chitetezo chilichonse. Palibe chodabwitsa. Mwini dziko akasowa ntchito mwina pakhomo pali agogo olandira ndalama ya boma. Mmalawi amene watsika basi ku Park Station ndi chidindo cha masiku 30, ali ndi ngongole ya thiransipoti ndipo akugona pansi m'chipinda cha msuweni wake, sangakane R150 pa tsiku. Alibe mpata wodikira sabata ina. Bwana amadziwa zimenezi, amadziwanso kuti munthu woopa Lindela, malo osungira obwera oyembekezera kubwezedwa kwawo, sapita kukadandaula.

Tsono funso lachiwiri lija, loti kodi lamulo limatikhudza ife. Inde limatikhudza, ndipo makhoti ananena kale. Mu 2008 khoti la zantchito linaweruza mlandu wa kampani ya Discovery Health ndi CCMA, bungwe lomva madandaulo a pa ntchito, wokhudza munthu wa ku Argentina amene anachotsedwa ntchito pemiti yake itatha. Kampaniyo inkati popeza kumulemba kunali kosaloledwa, sanali wantchito pamaso pa lamulo. Khoti linakana. Linati malamulo aakulu a dziko amapereka ufulu wa chilungamo pa ntchito kwa aliyense, osati nzika zokha, ndipo linachenjeza kuti zikanakhala mwina, bwana wankhanza bwenzi akugwiritsa munthu ntchito mwezi wonse n'kukana kumulipira ponena kuti alibe mapepala. Choncho wopanda mapepala ali ndi ufulu wa malipiro ochepetsetsa, ovataimu, tchuthi, ndiponso wokadandaula ku CCMA. Tisanamizane, ufulu umenewu sumupatsa pemiti, sumuteteza ku Home Affairs, ndipo n'kovuta kuti abwezeredwe pa ntchito imene lamulo la olowa m'dziko likuletsa. Koma ndalama yomwe anaigwirira ntchito ndi yake, ndipo bwana amene akumuopseza ndi apolisi nayenso waphwanya lamulo pomulemba.

Mu Novembala 2020 khoti lalikulu la malamulo a dziko linatsekanso mpata wina wakale. Maria Mahlangu anamira m'dziwe losambiramo pa nyumba ya bwana wake ku Pretoria mu 2012, atagwira ntchito pamenepo zaka zoposa 20, ndipo mwana wake Sylvia anauzidwa kuti thumba la chipukuta misozi la ovulala pa ntchito silikhudza antchito a m'nyumba. Khoti linati kuwasiya kunja n'kuphwanya malamulo aakulu, ndipo chigamulocho chinabwerera m'mbuyo mpaka pa 27 Epulo 1994. Lamulo likamati wantchito wa m'nyumba likuphatikizapo wa m'gadeni ndi dalaivala wa pabanja. UIF, thumba lothandiza amene ntchito yawathera, nayo inayamba kukhudza gawo limeneli mu 2003 kwa aliyense wogwira maola oposa 24 pa mwezi, bwana 1 peresenti, wantchito 1 peresenti, ngakhale kuti wopanda mapepala oyenera n'kovuta kuti alembetsedwe.

Sindingalembe zonsezi n'kuzemba mawu amene timawamva m'teksi ndi pa wailesi, akuti obwera akulanda ntchito. Kalembera wa 2022 anawerenga anthu pafupifupi 2.4 miliyoni obadwira kunja mwa anthu 62 miliyoni, osafika 4 peresenti, ndipo Amalawi anali pafupifupi 200,000, pambuyo pa a ku Zimbabwe, Mozambique ndi Lesotho. Kalemberayo anaphonya anthu ambiri, Stats SA inavomereza yokha, ndipo wopanda mapepala sathamangira kuwerengedwa. Komabe ngakhale mutachulukitsa nambalayo kawiri, siingafotokoze kusowa ntchito kwa anthu pafupifupi 8 miliyoni. Kafukufuku wa World Bank wa 2018, woona zaka za 1996 mpaka 2011, anapeza kuti wobwera mmodzi wogwira ntchito ankabweretsa ntchito pafupifupi ziwiri kwa eni dziko, chifukwa ambiri amatsegula mabizinesi, amachita lendi, amagula zinthu. Chaka chomwecho mabungwe a mayiko ambiri a OECD ndi ILO anayerekeza kuti obwera ankapanga pafupifupi 9 peresenti ya chuma cha dziko.

Koma nambala za dziko lonse zimabisa zochitika pa msewu umodzi. Mnyamata wa ku Alexandra amene wauzidwa pa lesitilanti kuti malo adzaza, kenako n'kuona kuti onse a m'khitchini ndi obwera olandira theka la malipiro a lamulo, sakunama pa zomwe waona. Akulakwitsa posankha mdani. Amene wapindula ndi mwini lesitilanti, ndipo chida chake ndi mantha a wopanda mapepala. Ku Alexandra komweko ndi kumene kunayambira chiwawa cha Meyi 2008 chimene chinapha anthu 62, ena mwa iwo eni dziko omwe. Boma lakhala likukonza malamulo oika malire a chiwerengero cha obwera m'magawo ena a ntchito. Maganizo anga, potengera zonse zomwe ofufuzawa apeza, ndi akuti malire oterowo pa okha adzangokankhira anthu ambiri kumdima kumene malipiro amatsikiratu. Bwana atadziwa kuti Mmalawi ndi Mzulu onse awalipira malipiro ochepetsetsa a lamulo kapena kuposa, ndipo akalephera alipira chindapusa, chifukwa chosankhira wopanda mapepala chimatha, ndipo otsala amalembedwa chifukwa cha luso lawo. Kulondoloza malipiro a wobwera kumateteza malipiro a mwini dziko.

Vuto lina lili mu kafukufuku mwenimwenimo. Kafukufuku wa Stats SA wa miyezi itatu iliyonse, amene pafupifupi onse ofufuza za ntchito amadalira, safunsa nthawi zonse kumene munthu anabadwira. Mafunso amenewo amawonjezedwa patapita zaka zingapo, monga mu 2012, 2017 ndi 2022. Munthu wogona kuchipinda cha kumbuyo kwa nyumba ya bwana kapena m'nyumba yodzaza ya ku Hillbrow amaphonyedwa mosavuta, ndipo akapezeka sanena zonse. Ndiye pamene malipiro akuphwanyidwa kwambiri ndi pomwe ziwerengero zikuona pang'ono. N'chifukwa chake wophunzira wa ku Wits kapena wa bungwe la antchito a m'nyumba ngati Izwi Domestic Workers Alliance akabwera ku tchalitchi kapena ku msonkhano wa bungwe la maliro kudzafunsa mafunso, ine ndimalimbikitsa anthu kuti afunse kaye ngati mayina abisidwa, ndipo akatsimikizira ayankhe zoona. Komiti yoona malipiro ochepetsetsa imaunika ndalamayi chaka ndi chaka pogwiritsa ntchito ziwerengero zomwezi.

Kwa munthu payekha, umboni ndiwo umapambana mlandu. Lembani m'kope tsiku lililonse nthawi yolowa ndi yoweruka ndi ndalama yomwe mwalandira. Musafufute mauthenga a WhatsApp a bwana okhudza masiku ndi malipiro. Ngati n'kotheka landirani ndalama m'njira yosiya chizindikiro, osati pamanja pokha. Kuyambira 2019 CCMA ili ndi mphamvu yomva madandaulo a malipiro osaperekedwa a antchito olandira zochepa, ndipo kukadandaula sikulipiritsa. Wochotsedwa ntchito mopanda chilungamo ali ndi masiku 30 okha kuti apereke fomu ya LRA 7.11. Amene akuopa kupita yekha angayambire ku Izwi kuno ku Joni kapena ku Casual Workers Advice Office ku Germiston, ndipo ndi bwino kupita ndi kope lija m'manja masiku 30 asanathe.